Mawaya Atatu Achikasu

Lachinayi pa 13 Juni 2024, nthawi ili 10:50 usiku, Tahiru Kalilu ananyamuka ku Chia pa njinga yamoto kupita ku Liwaladzi, kumene bambo ake ankatsirizika. Mchemwali wake Rahila anali ataimba foni kawiri. Kachiwiriko sanapereke n'moni womwe.

"Achimwene, ababa akungotchula dzina lanu. Mukadikira kuti kuche muwapeza ataphimbidwa."

Njingayo inali yakale, ndipo anamupatsa ndi bambo akewo Tahiruyo atangobwera kuchokera ku Joni mu 2019, atakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiyo inkamudyetsa. M'mawa uliwonse ankamangirira dengu la chambo kumbuyo kwa chishalo, ayezi pamwamba, n'kuthamangira kumsika wa paboma. Koma kuyambira mu Epulo nyali yake inayamba kufooka. Tahiru anagula batire latsopano, linagwira masabata atatu. Anagulanso lina. Kenako anapita kwa Layson, makaniko wa paboma, amene anaika mita pa batirelo n'kukoka moto mpaka njinga kulira mokweza. Mita inangoima pa 12.1.

"Apa pamayenera kufika 14," anatero Layson. "Njinga yakoyi sikutchaja. Vuto lili pansi pa chishalo, koma mabawuti awiriwa agwirana ndi dzimbiri, afunika sowo. Isiye tsiku limodzi."

"Ndiye nsomba zanga zizikuonerera ukugwira ntchito? Ndibwera mawa."

Mawa lakelo linali lisanafike pamene Rahila ankaimba.

Paboma anadutsa 11:35, nyali itasanduka yachikasu ngati koloboyi. Mwezi unali utangolowa. Mwera unkawomba kuchokera kunyanja, wozizira, wolowa m'manja a jekete. Atawoloka mlatho wa Bua kuwala kunafupika, sikunkapitiriranso tayala lakutsogolo. Anayesa hutala. Inangosasa mawu.

Kutsogolo kunatulukira lole yochokera ku Dwangwa, ili pakatikati pa msewu. Dalaivala sanamuone. Tahiru anakhotera m'maudzu, mphepo ya loleyo n'kumumenya paphewa ngati chitseko. Atabwerera pa tala, nyali inaphethira kawiri... n'kuzima.

Anaima pa kamlatho kakang'ono. Kumanzere kunali mitengo yowirira, imene aliyense wa m'deralo amadziwa kuti ndi manda. Foni inaonetsa 12:20, nayonso n'kuthima. Panatsala makilomita khumi ndi imodzi. Kuyenda wopanda nyali pamsewu wa maenje ndi malole kunali kupangitsa maliro awiri tsiku limodzi. Kukankha njinga kukanatenga maola atatu. Tahiru anagwira chishalo ndi manja onse awiri, akuganiza za bambo ake akutchula dzina lake m'chipinda momwe iye mulibe.

"Asalamu aleikumu."

Tsitsi linamuima. Sanamve mapazi. Munthu wina anali atakhala pa chipupa cha mlathowo, atavala ovolosi ndi kofiya yoyera. Nkhope sinkaoneka.

"Wa... waleikumu salamu, bambo."

"Ilizeni."

Tahiru anaponda kiki. Injini inalira.

"Onjezani moto. Onjezaninso." Nyali inangofiira pang'ono ngati khala lotsala m'phulusa. "Mwaona? Ikanakhala ikutchaja, ikanawala mutakoka. Mabatire mwasintha angati?"

"Awiri."

"Mukuwanamizira. Akupereka osalandira. Zimitsani."

Munthuyo anatsika pachipupa n'kugwada pambali pa njinga. Anagwira injini ndi chikhatho, pamalo poti munthu sangagwire itayenda makilomita makumi asanu. Sanachotse dzanja.

"Koyilo ili bwino. Legyuleta ili bwino. Pakati pake pali mawaya atatu achikasu, amakumana pa pulagi. Madzi a nsomba amadontha kuchokera m'dengu, amatsata chishalo, amathera pamenepo. Pulagi yabiriwira, yapsa."

"Sipanala ndilibe, bambo. Ndipo mabawutiwo..."

Sanamalize. Mkono wa munthuyo unali utalowa kale pansi pa chishalo. Mpaka m'chigongono. Pamenepo palibe mpata woti n'kulowa chala.

Mphepo inaleka. Achule pansi pa mlatho anakhala chete. Tahiru ankamva mtima wake wokha, ndi kamkokomo kakang'ono mkati mwa njinga, ngati munthu akumanga mfundo. Anafuna kuthawa. M'malo mwake anagwiritsa chishalo. Anayamba kutchula dzina la Allah chamumtima.

"Tchulani mokweza, mwananga, sizindivuta," anatero munthuyo osatembenuka. Kenako, motsitsa mawu: "Inenso ndinkati ndikonza mawa."

Anatulutsa mkono.

"Ilizeni. Kalilu akudikira."

Tahiru anali asanamuuze dzina la bambo ake. Anaponda kiki. Nyali inayaka... yoyera, yamphamvu, mpaka kukafika pa mitengo ya kumanda! Anaona chipupa cha mlatho. Anaona maudzu. Anaona tala mbali zonse.

Munthu panalibe.

Anafika ku Liwaladzi 12:55. Azibale anali atakhala pakhonde ndi pabwalo. Rahila anamugwira dzanja n'kumulowetsa m'chipinda. Bambo Kalilu anali pamphasa, maso otseka, mpweya ukutuluka motalikirana. Tahiru anagwada, nanyowetsa milomo yawo ndi madzi a m'kapu monga amachitira kwa munthu amene ali paulendo. Maso anatseguka.

"Wafika," anatero bambo ake. "Hussein wakupeza?"

Tahiru anayang'ana mchemwali wake.

"Kuyambira cha m'ma 12 akhala akulankhula ndi khoma," Rahila ananong'ona. "Amati, pita ukamuone mwana, waima pamlatho."

Bambo Kalilu analankhula ndi mwana wawo pang'ono, za munda wa mpunga ndi za Rahila. Kenako Tahiru anawerama pakhutu lawo n'kunena shahada, mawu ochitira umboni chikhulupiriro, iwo akutsatira ndi milomo. Anamwalira 1:40. Anaikidwa m'manda tsiku lomwelo, Lachisanu, itatha swala ya Ijumaa kumzikiti.

Madzulo ake Tahiru anafunsa amalume ake, a Yahaya, kuti Hussein ndani.

"Sunamudziwe, anabwerera kuno iwe uli ku Joni. Makaniko, mnzawo wa bambo ako kuyambira kumadrasa. Lole inamugunda pa kamlatho kaja ka pamanda, pa 9 Ogasiti 2017. Nyali inamuzimira. Njinga sinaonongeke kwambiri, ndiye bambo ako anaigula kwa mkazi wake kuti ana a malemuwo apeze poyambira." Anakweza chibwano kulozera pansi pa mtengo wa mango. "Ndi yomwe wakwerayo."

Lachiwiri pa 18 Juni, Tahiru anapita nayo kwa Layson. Sanamufotokozere chilichonse, anangoti aiyeze. Mita inakwera n'kuima pa 14.2.

"Wapita kwa ndani, iwe? Wandithawa?"

"Tsegula chishalo."

Layson anayesa sipanala, mabawuti sanasunthe. Anatenga sowo n'kuwadula onse awiri, ntchito ya mphindi makumi awiri. Atanyamula chishalo anasuzumira pansi pake. Pulagi panalibe. Mawaya atatu achikasu anali atapalidwa bwinobwino, kulumikizidwa awiriawiri, ndipo polumikiza paliponse panali pokulungidwa ndi labala kenako n'kumangidwa ndi ulusi wabuluu wa ukonde, mfundo zitatu zotsatizana.

Layson anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale anali asanagwire kanthu.

"Ndinaphunzira ntchito kwa a Hussein zaka zinayi," anatero. "Ankati tepi imamatuka ndi kutentha kwa kuno. Mamangidwe awa sindinaonenso kwa munthu wina."

"Mwina anamanga kale, asanamwalire."

"Ulusi wa zaka zisanu ndi ziwiri pansi pa madzi a nsomba? Taona mkuwawu mmene ukuwalira. Ndipo masabata awiri apitawa ndinayeza ndekha 12.1."

Njingayo ikuyendabe pakati pa Chia ndi paboma, ndipo Tahiru anaika pepala la pulasitiki pansi pa dengu. Pulagi yakale anakaifuna pa kamlathoko kawiri, masana, koma sanaipeze. Mabawuti awiri aja Layson anawasunga m'chitini pa shelefu yake. Dzimbiri lake ndi lathunthu kuyambira kumutu mpaka kumapeto, kupatula pamene panadutsa sowo.