Chimthunzi cha M'diso la Gideon

Dolika sanaone tulo usiku umenewo. Maganizo ake onse anali pa kachitini kamene anakakwirira pansi pa mtsuko wa madzi. Munali timapiritsi toyera timene madzulo alionse, pokonza tiyi wa mwamuna wake Gideon, ankatiphwanya ndi supuni n'kuthiramo mobisa.

Anayamba chaka chapitacho. Gideon, kalipentala wa m'mudzi wina ku Kasenengwa, anaonda atadwala malungo, ndipo masiku amenewo munthu akaonda anthu ankayamba kumuwerengera masiku. Dolika akafika pachitsime, amayi ankangoti zii. Timapiritsito anagula kwa mayi wina wogulitsa zitenje ku Mwami, amene anati n'tonenepetsa, koma bambo asadziwe poti amuna amakana. Tinagwiradi ntchito. Masaya a Gideon anafufuma, miseche ya pachitsime inatha.

Kenako kunabwera chimthunzi. Gideon anayamba kudandaula kuti matabwa onse ndi okhota, ngakhale amene wapala yekha. Akatsinzina diso lamanzere, pakati pa nkhope ya munthu aliyense pankakhala chinthu chotuwa ngati utsi. Woyamba amene Gideon anamuuza kuti akumuona chimthunzi pankhope anali Boaz, mnansi wawo. Pasanathe masabata awiri Boaz anagwa m'munda wa fodya, osadzukanso.

Kuchokera pamaliropo anthu ankapatuka akaona Gideon panjira, amayi n'kuphimba ana kumaso ndi chitenje. Kadzidzi analira padenga la shedi yake yopaliramo matabwa masiku atatu otsatizana. Ena ankati kuseri kwa nyumba ya a Mainess, azakhali a Gideon amene ankakhala okha chimwalirireni amuna awo, kumamveka fungo la ubweya wopserera. Wina anakumbutsa kuti a Mainess ndi Gideon anakanganapo za malire a dimba.

Tsiku lina Gideon ananyamula Jesca, mwana wawo woyamwa, n'kumubweza kwa Dolika msangamsanga.

"Mtengeni, amake Jesca."

"Bwanji kodi?"

"Chafika pa mwana."

M'mawa mwake Dolika anamukakamiza kukwera lole ya ku Chipata. Kuchipatala cha maso adokotala anamudonthezera mankhwala mpaka maso ake anakula ngati a mphaka mumdima, n'kumuunika ndi nyali nthawi yaitali. Anafotokoza kuti kuseri kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kamene kamagwira chithunzi cha zimene munthu akuona, ndipo pansi pake pasonkhana madzi ngati thuza. Chimthunzicho chinali m'diso mwake, osati pankhope za anthu. Kwa ambiri madziwo amauma okha, koma akewa akhalitsa, ndipo akapitirira adzasiya chipsera, pakati pa diso padzafa. Ku Lusaka akhoza kutseka podonthapo ndi kuwala, koma choyamba n'kupeza chimene chikuwaitana madziwo.

Adokotala anayang'ana masaya aja.

"Pali mapiritsi amene mukumwa, bambo?"

"Ine ngakhale a mutu sindimwa."

"Nanga inu amayi, mukudziwapo kanthu?"

Dolika anaweramira mwana, n'kumangitsa mbereko imene inali yomanga kale. Anati palibe. Adokotala anawachenjeza kuti akapeza kanthu abwere nako, chifukwa mapiritsi ena otupitsa nkhope amabweretsa madzi oterewa, komanso kuwasiya mwadzidzidzi kukhoza kumugwetsa munthu. Amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono, achipatala akuona.

Motero madzulo amenewo Dolika anaphwanyanso piritsi. Kusiya kunkamuopsa, kupitiriza kunkamuopsa. Anayang'ana Gideon akumwa tiyiyo mpaka kugugudiza.

Kumudzi mawu a adokotala anafika atasanduka. Madzi alowa bwanji m'diso lopanda bala? Ndani angatunge madzi n'kukawathira kuseri kwa diso la munthu ali mtulo? Abale a Boaz anagwirizana kuti kukacha akasasula denga la a Mainess n'kuwaperekeza kumsewu.

Dzuwa likulowa, a Mainess anabwera ndi nkhwani m'kambale, monga ankachitira kuyambira pamene Dolika anabereka. Sanalowe m'nyumba.

"Mwanawe, Jesca ndinamulandira ndi manja angawa. Kodi iwenso ukuti ndine?"

Dolika analandira nkhwaniyo. Anamva mapazi a mayiyo akukwekwereza kubwerera. Ndi mapazi amenewo amene anamuchezetsa usiku wonse. Iye anasiyira sukulu Giredi 6, koma chimodzi ankachidziwa bwino: munthu wothira zinthu m'chakudya cha mnzake mobisa, m'mudzi muno ali ndi dzina.

Kutacha anasuntha mtsuko, n'kufukula kachitini kaja. Anabereka Jesca, n'kutsatira phokoso. Pakhomo pa a Mainess anyamata anali atayamba kale kuzula udzu, mayiyo atakhala pansi atakumbatira mtolo wa zovala. Gideon anaima chapatali, dzanja litaphimba diso.

Dolika anagwada patsogolo pake, n'kutsegula kachitiniko anthu onse akuona.

"Abambo ake Jesca, auzeni awasiye azakhali. Amene mukumufunayo ndi amene amakupangirani tiyi."

Udzu unasiya kugwa. Gideon anachotsa dzanja kumaso, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhope yanu sindikuiona."

"Ndikudziwa," anatero Dolika, n'kumuika kachitiniko m'manja. "Tiyeni tikawaonetse adokotala lole isanatisiye."