Kodi Kabatani Akudwala?

Kabatani ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi ake ndi telala. Iye amakonda mabatani kwambiri. Onse amangomutchula Kabatani.

Kabatani anali ndi funso. Funsolo linkamuvutitsa mumtima. Kodi ine ndikudwala?

Adokotala anali atanena kuti Kabatani ali ndi otizimu. Anati ubongo wake umagwira ntchito mosiyana ndi wa ana ena. Bambo anafunsa za mankhwala. Adokotala anati mankhwala ochotsa otizimu kulibe.

Bambo ankati otizimu ndi matenda. Amayi ankati ndi chibadwa cha mwana wawo. Ankakambirana monong'ona. Koma Kabatani ankamva zonse.

Kabatani akasangalala, ankakupiza manja. Bambo ankati, "Manja pansi, mwana wanga." Kabatani ankabisa manja kumbuyo.

Tsiku lina makina osokera anawonongeka. Amayi anaitana mayi wokonza makina. Mayiyo anabwera ndi bokosi la zida. Anali atavala zotchinga makutu. Anapereka moni akuyang'ana pansi.

Mayiyo anamasula makina. Anandanda tizitsulo patebulo. Kakang'ono poyamba, kakakulu pomaliza. Kabatani anayandikira. Iyenso amandanda mabatani choncho. Laling'ono poyamba, lalikulu pomaliza.

Mayiyo anathira mafuta. Anamanga tizitsulo tonse. Kenako anapalasa makina. Makina anayenda bwinobwino.

Mayiyo anasangalala. Anakupiza manja. Kabatani anadabwa. Munthu wamkulu akukupiza manja! Bambo nawonso anaona.

"Kodi inu mukudwala?" Kabatani anafunsa.

"Ayi, mwanawe," anatero mayiyo. "Ndili ndi otizimu. Wodwala muno anali makinawa. Achira tsopano."

Amayi anaseka. Bambo anakhala pampando. Anafunsa ngati otizimu sumuvutitsa.

Mayiyo anati umamuvutitsa nthawi zina. Phokoso limamupweteka. Ali mwana, anachedwa kulankhula. Achipatala anamuthandiza. Amawathokoza mpaka lero.

"Thandizo ndimalifuna," anatero. "Koma sindifuna kukhala munthu wina. Ndine ndemwe."

"Inenso ndili ndi otizimu," anatero Kabatani.

"Ndaona," anatero mayiyo. "Ndiye tilipo awiri."

Kabatani anatulutsa manja kumbuyo. Anakupiza pang'ono. Anayang'ana bambo. Bambo anangomwetulira. Kabatani anakupiza kwambiri.

Mayiyo analongedza zida zake. Bambo anamunyamulira bokosi mpaka pachipata. Anamuthokoza kawiri konse.

Atabwerera, anagwada pafupi ndi Kabatani.

"Pepa, mwana wanga. Ndinkachita mantha. Kodi ndikukumbatire?"

Kabatani anaganiza kaye. Kukumbatiridwa kumamupanikiza.

"Ayi, bambo. Ndigwireni chala."

Bambo anamugwira chala. Anachigwira mofatsa. Amayi anabwera. Anagwira chala china.

"Zikomo," anatero Kabatani. "Choncho ndiye bwino."