Chitsulo cha pa Mlatho wa Kamwala

Basi yochokera ku Chikangawa inamutsitsa Bestone Nyirenda pa Champhira mdima utagwa kale. Unali usiku woti mawa lake ndi Khirisimasi. Akabaza onse anakana matope, ndiye anasenza chikwama nayamba ulendo wapansi.

Masana mwana wake Lusungu anali atamuimbira foni. Kwaya ya kumudzi inyamuka pa lole usiku, kuwoloka mtsinje wa Kamwala kupita ku mapemphero. "Mwina tikumana pamlatho, adada," anatero.

Kale pamlathopo pankagona gulu lopulumutsa anthu nyengo ya mvula, lili ndi zingwe ndi nyali. Akuluakulu anati ndalama palibe. Gululo analithetsa, zingwe anatenga. Anthu anadandaula chaka chimodzi, kenaka anazolowera.

Bestone anawamva madzi asanawaone. Anawunikira ndi foni. Theka la mlatho, la kutsidya kwa mudzi wawo, panalibe!

Anaimbira Lusungu. Netiweki zii. Anakuwa, mtsinje unameza mawu. Ndipo pamwamba pa chitunda cha kutsidyako panatulukira nyali ziwiri za lole, zikutsika pang'onopang'ono...

"Mwana wa Nyirenda."

Anatembenuka. Bambo wamtali, atavala jekete yosuluka yoyandamira pamadzi. Mvula inkagwa. Bamboyo anali wouma.

"Chitsulo chili mu udzu, patsinde pa mkuyu. Katatu, upume, katatu. Usasiye."

Analoza ndi dzanja la zala zitatu.

Nyali zija zinkatsikabe. Bestone anagwera mu udzu, napapasa. Limu ya tayala la galimoto, yadzimbiri, ikulendewera pa waya. Pambali pake, bawuti. Anamenya.

Ngwe, ngwe, ngwe!

Anapuma. Anamenyanso. Kutsidya kuli chete... Anamenya mpaka chikhatho chinang'ambika.

Kutsidyako chitseko chimodzi chinatseguka. China. Chinanso! Matochi anathamangira kumsewu. Madala ena opanda malaya anakankha ngolo naipingasa panjira, amayi akukupiza zitenje. Lole inalira mabuleki, inaterereka, inagunda ngolo. Inaima.

Kwa kanthawi kunangomveka madzi. Kenaka mawu amodzi anayambitsa nyimbo, ndipo Bestone anawadziwa mawuwo: anali a Lusungu. Kwaya yonse inalandira, ndi nthungululu pamwamba. Iye anakhala pansi m'matope akuseka. Atacheuka kuti athokoze bambo uja ndi yewo, pamkuyu panalibe munthu.

Anafika kwawo masana, atazungulira mlatho wa kumtunda. Anapeza mudzi utagwirizana kale: agula okha chingwe, ndipo azigona pamtsinje mosinthana mpaka mvula ithe. Bestone anati iye ayamba.

Mayi Charlotte Jere, okalamba, anamukokera pambali.

"Dada, kamenyedwe kaja anakuphunzitsani ndani? Kaja nkoti tsekani msewu. Anyamata a lero sakadziwa."

Anawafotokozera za bambo wa jekete uja. Atatchula zala, mayiwo anagwira mpanda.

"Zala ziwiri zinazo chinadula ndi chingwe, akukoka mwana m'madzi. Amenewo ndi a Hector, amuna anga. Mbwenu tinawaika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, chaka chomwe gulu linatha."

Anapukuta maso ndi chitenje, koma ankamwetulira.

"Amakani chomene aja. Mpaka tsiku lomaliza ankati, ntchito andichotsa ndi a mu ofesi, mtsinje sunandiuze kuti ndiweruke."