Njinga Yapita ku Chileka

Phyllis anafika pasukulu ya mishoni ku Lirangwe thukuta lili kamukamu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Chitseko cha chipinda cholemberamo mayeso chinali chotseka kale.

"Wachedwa, mwanawe," anatero aphunzitsi oyang'anira mayeso, mosakweza mawu. "Anzako atsala pang'ono kumaliza masamu. Lamulo sililola. Udzayesenso chaka chamawa."

Chaka chathunthu! Mayeso a Sitandade Sikisi, amene anawawerengera mpaka maso kufiira, anamudutsa chomwecho. Phyllis anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kulira ngati kamwana.

Vuto la mtsikanayu linali limodzi: pakamwa pake sipankatuluka "ayi". Munali m'zaka za Chitaganya, dziko lisanalandire ufulu, ndipo bambo ake, popita kumigodi ya malasha ku Wankie, anamusiyira njinga kuti azipitira kusukulu, poti kwawo ku Chigaru kunali kataliko. Koma njingayo inasanduka ya mudzi wonse. Uyu kuchigayo, uyu kumaliro, winanso kukangoonetsa kwa chibwenzi. Phyllis ankangoti "tengani," mtima ukuwawa, poopa kutchedwa wamwano.

Masana a tsiku loti mawa lake ndi mayeso kunabwera amalume ake, a Fanuel.

"Iwe Phyllis, undibwereke njinga ndikafike ku Chileka. Akuti kubwalo la ndege akulemba anthu ntchito."

"Koma amalume, mawa..." anatero Phyllis. Mwini mbumba ungamukanize bwanji? Anayang'ana amayi ake, koma iwo anangozyolika, n'kupitiriza kusankha nyemba.

"Usadandaule, ndibwera dzuwa lisanalowe."

Dzuwa linalowa, linatulukanso, amalume osaoneka. Phyllis anadikira, nadikira, khutu lili kumsewu kumvetsera belu la njinga. Pomwe ankauyamba wapansi n'kuti nthawi itatha kale.

A Fanuel anatulukira patapita masiku, ntchito osaipeza, tcheni cha njinga chili lendelende. Atamva zomwe zinachitika anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Nanga osangondiuza bwanji kuti ayi? Ndikanabwereka ya mnzanga Isaki, inangokhala pakhondetu!"

Mawu amenewa anamupweteka Phyllis kuposa chitseko chotseka chija. Kani zinali zophweka chonchi? Masiku ambiri sanafune n'kuiyang'ana komwe njingayo.

Sukulu itatsegulidwanso anabwereza Sitandade Sikisi, pakati pa ana amene kale anali kumbuyo kwake. Tsiku lina m'mawa akupopa tayala, anafika amayi ake aang'ono, a Leah, thumba la chimanga lili pamutu.

"Tandibwereka kanjingako, ndikagayitse."

Phyllis anasiya kupopa. "Tengani" uja anali atafika kale pamilomo. Anagwada mwaulemu.

"Pepani amayi, ayi. Ndikupitira kusukulu."

A Leah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natsonya.

"Hede! Wayamba mwano masiku ano, eti?"

Phyllis sanadzuke, sanabwezenso mawu ake. Posakhalitsa a Leah anakonza thumba lawo pankhata, n'kulowera njira ya kuchigayo akung'ung'udza.

Mtsikanayo anadzuka n'kuima kanthawi, kuyembekezera kuti mtima umutsutse monga unkachitira kale. Sunamutsutse. Anakwera njinga yake, ndipo anakafika kusukulu belu lisanalire.