Dothi la Pamanda a Mayi

Kutatsala masiku awiri kuti sitima yapamadzi ifike ku Antarctica, dziko la madzi oundana, a Sverre, woyang'anira katundu, anakhuthulira maburashi patebulo lodyera.

"Tiyeni, alesi inu! Nsapato, matumba, zipewa, zonse zikwechedwe. Wotsika ndi kambewu ndim'bweza kwawo wapansi!"

Anthu anaseka. Lamulolo ankalidziwa onse: kumtunda kuja sikulowa dothi kapena mbewu yachilendo, kuopa kupha tizomera tochepa ta m'miyala.

Ragnhild, mtsikana amene anali makaniko wa injini, sanaseke nawo. M'thumba la jekete lake munali kachitini ka dothi lomwe anatapa pamanda a mayi ake. Mchimwene wake Eilif anali atatha chaka kumalo a kafukufuku komwe ankapitako, ndipo maliro anangowamvera pa lamya. Nthawi yachisanu sitima siifika kumeneko.

Ragnhild anakwecha nsapato mpaka mkono kuwawa, koma jekete sanaikhudze. Kunja madzi oundana ankasweka pansi pa sitima, makapu n'kumagwedera. Pafupi naye mayi Torunn, wasayansi wachikulire, ankatokosa msoko wa chipewa ndi singano. Anatulutsa kanjere ka udzu.

"Kaoneni kakuba aka, kachokera kumunda kwanga," anatero. "Kakanamera kumeneko, ntchito yonse imene mchimwene wako wavutikira ikanalowa m'madzi."

Mawuwo anamulasa Ragnhild. Anapita kukaika kachitini kaja pamaso pa a Sverre.

"Ndi la pamanda a amayi. Ndimafuna Eilif aligwireko."

Bambo wapakamwa uja anavula chipewa.

"Kumtunda silipita, mwanawe. Ukudziwa."

"Ndikudziwa," anayankha, misozi ili chuchuchu.

A Sverre anakulunga kachitiniko m'pulasitiki n'kukatsekera m'kabati. "Komatu palibe lamulo loletsa munthu kukwera sitima," anatero.

Tsiku lofika, boti loyamba linapita ndi makatoni a malalanje, n'kubwerako ndi Eilif, mnyamata wandevu zambiri. M'kachipinda ka a Sverre, Eilif anatsegula kachitini, kufwenkha dothilo ndi chala, n'kulinunkhiza.

"Fungo la kwathu," anatero.

Analira maliro amene anawasunga mumtima miyezi isanu ndi iwiri, mlongo wake atamugwira paphewa. Atatonthola, anatseka yekha kachitiniko n'kukabwezera m'kabati. Anasamba m'manja kawiri, kutokosa ndi m'zikhadabo momwe, asanatsikire m'boti lobwerera kumtunda.