Kabatani ndi Mwanabere wa Kukhwapa

Kabatani anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake anali atelala. Ankamutcha Kabatani chifukwa ankakonda kutola mabatani pansi pa makina osokera.

Koma sabata imeneyi Kabatani sankatola mabatani. Anali ndi chinsinsi. Chinsinsicho chinkamuwawa.

Lolemba anaseweretsa sizasi ya bambo ake. Sizasiyo inamucheka chala. Sanauze munthu aliyense. Bambo anali atamuletsa kugwira sizasi.

Lachitatu chala chinatupa. Chinkatentha.

Lachinayi, posamba, anapeza kachotupa kukhwapa. Kanali kakang'ono ngati mtedza. Akakagwira, kankawawa.

Kabatani anachita mantha. Anabisa chala. Anabisanso kachotupa.

Lachisanu bambo anatenga tepi yoyezera.

"Bwera kuno, Kabatani," anatero bambo. "Yunifolomu yako yafupika. Kweza mkono ndikuyeze."

Kabatani sanakweze mkono.

"Kweza pang'ono chabe, mwana wanga."

Kabatani sanakwezebe. Misozi inayamba kutsika.

Bambo anaika tepi pansi. Anagwada. Anaona chala chotupa.

"Ndi sizasi yanu ija, bambo," anatero Kabatani. "Ndipo kukhwapa kwamera chinthu. Pepani."

Bambo sanakalipe.

"Za sizasi tikambirana mawa," anatero. "Lero tikambe za chala."

Anaitana amayi. Anatseka shopu. Onse atatu anapita kuchipatala.

Anadikira pabenchi. Benchiyo inali yozizira. Kabatani anagwira dzanja la amayi.

Kenako adokotala anawaitana. Anali mayi wamtali wovala magalasi. Anatsuka chalacho bwinobwino. Anachimanga ndi bandeji. Kenako anagwira kachotupa modekha.

"Uyu ndi mwanabere," anatero adokotala.

"Kodi mumudula?" anafunsa Kabatani.

"Ayi, sitimudula. Akugwira ntchito yabwino. Bwera uone."

Adokotala anatenga pepala. Anajambula kampira.

"Ili ndi selo," anatero. "Thupi lako lili ndi maselo ambirimbiri. Ndi ang'ono kwambiri, sangaoneke ndi maso. Ena ntchito yawo ndi kukuteteza. Timawatcha asilikali a m'thupi."

"Amakhala kukhwapa?"

"Ena amakhala kumeneko. Masiku onse amangopuma. Amadya pang'ono. Amadikira uthenga."

"Uthenga wochokera kuti?"

"Wochokera pachala chako. Pabala panalowa majeremusi. Maselo a pachala anatumiza uthenga kukhwapa."

Adokotala anajambula timadontho tinayi m'kati mwa selo.

"Uthenga umagogoda kunja kwa selo. M'kati muli timithenga. Aka kamauza aka. Aka kamauza aka. Aka kamauza aka. Uthenga umafika pakati pa selo."

"Umati bwanji?"

"Umati, idyani, kulani, chulukani."

Kabatani anapukuta misozi. "Amadya chiyani?"

"Amadya shuga wa m'magazi ako. Shugayo amachokera mu chakudya chimene iwe umadya. Selo likadya, limakula. Likakula, limagawika. Limodzi limakhala awiri. Awiri amakhala anayi."

"Anayi amakhala asanu ndi atatu," anatero Kabatani.

"Wakhoza. Tsopano achuluka. Apanikizana. Ndi chifukwa chake patupa."

Kabatani anaganiza pang'ono.

"Nanga akapanda kusiya? Ndidzatupa ngati baluni?"

Amayi anaseka. Adokotala anamwetulira.

"Ayi. Majeremusi akatha, pamabwera uthenga wina. Umati, basi, mwagwira ntchito, pumulani. Akamva, amasiya kuchulukana. Mwanabere amaphwa."

Adokotala anapereka mankhwala kwa amayi.

"Mankhwalawa athandiza asilikali ake," anatero. "Amwe mpaka athe. Adye bwino, apume. Mwanabere akapanda kuphwa, mubwere nayenso."

Kenako anayang'ana Kabatani.

"Bala silibisidwa, wamva? Ukadzicheka, unene tsiku lomwelo."

"Ndamva, adokotala."

Kunyumba amayi anaphika mazira. Kabatani anadya dzira limodzi. Anadya buledi. Anadyanso nthochi.

"Amayi, ndingatengeko dzira lina?"

"Lero njala yachokera kuti?" anafunsa bambo.

"Si ine ayi," anatero Kabatani. "Ndi asilikali."

"Asilikali ako atimalizira mazira m'nyumba muno," anatero bambo. Koma anamupatsa dzira lawo.

M'mawa mwake anakambirana za sizasi. Kabatani analonjeza kuti aziyamba wapempha. Bambo analonjeza kuti adzamuphunzitsa kagwiridwe kake.

Tsiku lililonse Kabatani ankamwa mankhwala. Tsiku lililonse ankagwira kukhwapa. Mwanabere ankachepa. Chala chinkapola.

Tsiku lina m'mawa anagwira kukhwapa. Sanapeze kanthu. Anagwiranso. Sanapezebe kanthu.

Anathamangira kukhitchini.

"Amayi, mwanabere wasowa. Tamufunani."

Amayi anapukuta manja. Anafuna apa. Anafuna apo. Zala zawo zinamugirigisha.

Kabatani anayamba kuseka.

"Ima bwino, sindinamalize kufuna," anatero amayi.

Bambo anasuzumira pakhomo. "Mwina wathawira kukhwapa linalo."

Bambo anafuna kukhwapa linalo. Amayi anafuna kukhwapa loyamba. Kabatani anaseka mpaka anakhala pansi.

"Basi, basi," anatero akupuma mwawefuwefu. "Mwagwira ntchito. Pumulani."

Onse atatu anakhala pansi m'khitchini, akuseka.