Mfuti Imene Budimir Sanaiphe

Anaba Loweruka m'mawa, tsiku lokumbukira akufa, anthu onse a ku Donji Kremen ali kumanda kukayatsira abale awo makandulo. Budimir Jeremic ndi mkazi wake Stanojka pobwerako anapeza zenera la kuseri lili pululu. Pakhoma la chipinda cha mfuti panali misomali itatu yopanda kanthu.

Budimir anali mphunzitsi wopuma pa ntchito. Moyo wake wonse anauthera potolera mfuti zakale za pa nkhondo, zija zolavula zipolopolo ngati mvula. Lamulo limalola kusunga mfuti zotere pokhapokha zitaphedwa: amawotcherera chitsulo mu mpope, boma n'kudinda chidindo, basi mfuti yasanduka chokongoletsera khoma. Zake zonse zinali zakufa kupatula imodzi. Shpagin ya malemu bambo ake, ija ya ng'oma ya zipolopolo kunsi, inamukanika kuipha. Anangoitseka kukamwa ndi kamtengo kopaka utoto wakuda, ndipo woyendera mfuti, amene ankakonda rakija, kachasu wa m'nyumbamo, kuposa ntchito yake, sanagogodepo n'komwe. Zipolopolo za bamboyo zinali zidakali m'ng'omamo.

Imeneyo ndi imene inapita, pamodzi ndi ma Shmajser awiri akufa.

Stanojka anaimbira apolisi mwamuna wake asanapeze chomuletsera. Mayiyu sankadziwa kanthu. Masana kunabwera Inspekitala Slavica Rakonjac, mayi wa maso otopa, nsapato zili matope okhaokha.

"Zonse zitatu n'zakufa, a Jeremic?"

"Zakufa, mayi. Zinafa kale kuposa mawondo angawa."

"Walowa m'chipinda muno ndani masiku ano?"

"Palibe," anatero Budimir mwachangu, Stanojka atangoyasama kuti ayankhe.

Linali bodza. Sabata yomweyo munalowa Ostoja Vranic kudzachotsa mwaye m'mipope ya mbaula, ndipo anathera nthawi yambiri pakhoma kuposa pa mwaye. Koma apolisi akanamugwira Ostoja, akanagwiranso mfuti yamoyo ija. Pamenepo ndiye ndende kwa nkhalamba, ndi khoma lonse kupita ku ng'anjo ya boma.

Lolemba m'mawa Budimir anapita yekha. Anamupeza Ostoja akupukuta galimoto yokanyamula anthu pa ukwati wa msuweni wake.

"Aphunzitsi! Mwasochera?"

"Iwe Ostoja, ndinakuphunzitsa kuwerenga. Kukwera mazenera unakaphunzira kwa ndani?"

"Aaa, mwayambapo. Ine zitsulo zakufa ndizitani? Nditsinderere kabichi mumgolo?"

"Tamvera. Ma Shmajser sunga. Gulitsa, kaya uponye mumtsinje, zako izo. Ya ng'oma yokha undibwezere. Ungoisiya pakhonde, sindifunsa."

Ostoja analeka kupukuta.

"Ya ng'oma yokha? Yadzimbiri ija? Si inu nomwe munandiuza kuti zotero zili mbwee, zosowa ndi ma Shmajser?"

"Ndi ya bambo anga."

"Ehe," anatero Ostoja, akumwetulira pang'onopang'ono. "Sindinaione, aphunzitsi. Muyende bwino."

Budimir asanafike pa mlatho anali atadziwa kuti wadziwotcha yekha. Wotolera mfuti sataya ziwiri zosowa chifukwa cha imodzi yopezeka paliponse, ndipo ngakhale Ostoja, amene anabwereza kalasi mpaka ndevu kumera, zimenezo anazimva. Madzulo omwewo Ostoja akanasuzumira mu mpope wa Shpagin.

Sabata imeneyo inali yaitali. M'mawa uliwonse Budimir ankatsegula chitseko n'kuyang'ana pakhonde. Pankakhala mphaka basi. Chakudya chinkamukanika, rakija sinkamukoma. Anatopa ndi mantha mpaka kumalakalaka chilichonse chingochitika, zithe. Kawiri anavala jekete kuti akaulule kupolisi, kawiri anakaimirira m'chipinda cha mfuti n'kuivula.

"Mukulira zitsulo ngati mwaferedwa," ankatero Stanojka. "Ine ndikadzafa mudzalira choncho?"

Lamlungu m'mawa foni inalira. Anali Rakonjac.

"Katundu wanu wapezeka. Mubwere ndi amayi mudzamuzindikire."

Sananene china. M'basi Budimir ankaloweza mawu ake ngati mwana wa mayeso. Zonse zinali zakufa. Ngati ina yapezeka yamoyo, ndiye Ostoja waidzutsa, poti amadziwa zowotcherera. Iye sakudziwa kanthu, ndipo asaonetse kuti pali imodzi yosiyana ndi zinzake.

Ku polisi mfuti zitatu zinali patebulo, pambali pa kapu ya khofi wozizira. Rakonjac ankaoneka ngati wagona pampando. Ananyamula Shmajser yoyamba mosasamala, kukamwa kwake kukuzungulira chipinda chonse.

"Yanu?"

"Yanga."

Ananyamula yachiwiri. Pofufuza chidindo anaiika pamkono, italoza pachifuwa pa Stanojka. Budimir anangoyang'ana. Mfuti yakufa ndi ndodo chabe, ndipo kunyumba adzukulu ankalozana nazo iye akuwerenga nyuzipepala.

"Yanganso."

Kenako Rakonjac anatola Shpagin. Ng'oma inali pamalo pake. Anaitembenuza chimodzimodzi, chala chili pafupi ndi chowombera, kukamwa kukukwera pang'onopang'ono mpaka pa batani la jekete ya Stanojka.

Dzanja la Budimir silinafunse mwini wake. Linamenya mpope kuti uloze kudenga, thupi lake litaima kale pakati pa mfuti ndi mkazi wake.

"Musamuloze nayo!"

 Rakonjac anaiika mfutiyo pansi n'kudzitikita m'maso.

"Zipolopolo ndachotsa ndekha, a Jeremic. Ziwirizo mwandilekerera ndikuloza nazo akazi anu. Iyi bwanji? Sindinakuuzeni kanthu ine."

 Mawu onse a m'basi aja anali atamuthawa Budimir.

"Dzulo kunali ukwati ku Lipov Do," anapitiriza inspekitala ndi mawu otopa. "Apulo linali pa mtengo wautali pachipata cha mkwatibwi, monga mwa mwambo, mkwati asalowe asanaligwetse ndi mfuti. Ena amabwera ndi mfuti ya mbalame. Ostoja anafuna kuti msuweni wake atchuke. Mkwatiyo sanagwirepo mfuti yotere chibadwire. Atangokhudza, inamukankha n'kuyamba kusesa nyumba. Apulo lili pomwepo mpaka lero. Azakhali a mkwatibwi anali pazenera la m'mwamba."

"Afa?" Mawu a Budimir anatuluka ngati a munthu wina.

"Ali moyo. Mkono ndiye madokotala sakulonjeza. Ostoja ali m'chitolokosi, akulira kuti inu ndi amene munamulozera yamoyo. Ndinkati mwina akunama. Ndinkafuna kuti akhale akunama, aphunzitsi, poti inenso munandiphunzitsa."

Budimir anamuyang'anitsitsa, koma sanamukumbuke. Anali ataphunzitsa ana ambiri.

"Muichita chiyani?" anafunsa, maso ali pa Shpagin.

"Ikasungunulidwa mlandu ukatha. Za pakhoma zonse nazonso. Ndikukumangani chifukwa chosunga mfuti ya nkhondo yamoyo ndi kunamiza apolisi."

Budimir anagwedeza mutu. Chodabwitsa, anamva kupepukidwa, ndipo anachita nako manyazi. Apo ndi pamene anatembenukira kwa Stanojka. Mayiyo anali chiimire, chikwama chili pamimba, nkhope itayera ngati ufa.

"Lachisanu lililonse ndimaipukuta fumbi," anatero motsitsa mawu. "Ndimaigwira kukamwa, n'kuitsamiritsa pamimba pangapa. Adzukulu athu aseweretsa imeneyi, inu muli pampando."

"Ndinkayang'anira, Stanojka. Nthawi zonse ndinka..."

"Mwandifunsa ngati ndili bwino? Mwayamba mwafunsa za mfuti."

Anatambasula dzanja. Budimir anaganiza kuti akufuna kumugwira, nayenso anatambasula lake.

"Makiyi a nyumba," anatero Stanojka.

Anawapereka. Rakonjac sanavutike n'kutulutsa unyolo. Anangotsegula chitseko cha mkati, nkhalambayo n'kulowa yokha. Itacheuka, mkazi wake anali atafika kale panja, akufunsa wapolisi wa pachipata nthawi ya basi yopita kuchipatala kumene anagonekedwa azakhali aja.